Kodi khadi la memole losapangidwa ndi HP lingawononge 48GX yanga?

Kabikoni:
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi kakyuleta ya HP 48GX imene malume anga anandipatsa atapuma ntchito yoyeza malo. Ikugwira bwinobwino, vuto ndi memole basi. Ndaikamo timapulogalamu ta traverse (kuyeza malo kuchoka pa pointi ina kupita pa inzake), kena kosinthira makoodineti, ndi mapointi a ntchito zitatu, ndiye yayamba kundiyankha kuti Insufficient Memory. Kumbuyo kwake kuli mipata iwiri yolowetsa makhadi, yonse ilibe kanthu. Ndayang'ana pa eBay, khadi lenileni la HP ndalama yake munthu ungagulire foni. Pali ena osalembedwa dzina la HP otsikirako mtengo. Koma malume anandiuzitsa kuti ndisadzayerekeze kuikamo khadi lachilendo, lidzapsereza makinawo. Kodi ndi zoona? Sindikufuna kuwononga chinthu chimene iwo anachisunga zaka zonsezi.

WakuChipata:
Achimwene, foni muli nayo kale m'thumba. Ikanimo Droid48, ndi 48 yomweyo pa sikirini ya foni. Kakyuletayo isungeni m'kabati ikhale chikumbutso.

Kabikoni:
Ndinayesa achimwene. Padzuwa la masana sikirini ya foni sioneka, zala zikakhala ndi thukuta ndi fumbi umangodina manambala olakwika. Komanso foni pofika 2 koloko moto watha. Iyi mabatire atatu a AAA amanditengera miyezi.

Gogo_Theodolite:
Mwana wanga Kabikoni, malume anu sananame, koma anakuuzani mbali imodzi. Ndifotokoze bwino chifukwa nkhaniyi ndi yakale.

Makhadi a 48 si mtundu wa HP wokha ayi. Kapangidwe kake ndi ka kampani ya Epson, ka timapini 40, ndipo makhadi a maonekedwe omwewo ankalowanso m'makina ena, monga otayipira a Smith Corona. Anthu ataona kuti khadi la makina enawo likulowa bwino mu 48SX, kakyuleta ya HP imene inatuluka mu 1990, anayamba kugula amenewo poti anali otchipa. Apa ndi pamene panachokera chenjezo. Khadi wamba la Epson lili ndi kachipangizo kodzitetezera: likaona kuti mphamvu ya magetsi yatsika kupitirira mlingo wina, limatseka njira zake kuti zimene lasunga zisafufutike. Tsono kakyuleta ya mabatire imayendera mphamvu yotsikirapo kusiyana ndi makina apakhoma, moti khadi lotere limatha kuganiza kuti magetsi azima pamene kakyuleta ili mkati mogwira ntchito. Likadzitseka choncho limakokera pansi mawaya amene kakyuleta ikulankhulira, ndipo zotsatira zake ndi kutaya memole yonse, mwinanso kuvulaza makinawo. Makhadi amene HP inkagulitsa anali osinthidwa kuti mlingo umenewu ugwirizane ndi 48.

Choncho funso lenileni si lakuti khadilo lalembedwa HP kapena ayi. Funso ndi lakuti analipangira 48 kapena analipangira makina ena. Makampani ngati TDS, ya ku Corvallis ku Oregon, tauni yomweyo imene HP inkapangira makakyuleta ake, ankapanga makhadi a 48 enieni ndipo masaveya ambiri anayendera amenewo. Ku Germany kunali Klotz ndi Cynox. Langa ndi la TDS, ndakhala nalo kuyambira ndili pantchito, silinandichitepo chipongwe.

Kabikoni:
Zikomo kwambiri agogo. Ndiye kuti kulowa bwino pampata si umboni?

Gogo_Theodolite:
Ayi, si umboni. Wogulitsayo alembe poyera kuti ndi la HP 48GX, ndipo akuonetseni chithunzi chake lili m'kakyuleta yoyaka.

NyasaRPN:
Ndiwonjezere pa zimene anena agogo, chifukwa ambiri amagula khadi lalikulu n'kukhumudwa. Mipata iwiriyo si yofanana. GX inabwera mu 1993 ndi memole ya 128K. Mpata woyamba umawerenga 128K yokha, ngakhale mutaikamo khadi la 1MB. Ubwino wake ndi woti khadi la pamenepo mutha kuliphatikiza ndi memole yamkati polemba MERGE1, ndiye kakyuleta imakhala ndi 256K yogwirira ntchito. Mpata wachiwiri umalandira mpaka 4MB koma suphatikizika. Kakyuleta imaligawa khadilo m'zipinda za 128K, chilichonse n'kukhala poti (port, malo osungira okhala ndi nambala yake) payokha. La 512K limakupatsani poti 2 mpaka 5, la 1MB poti 2 mpaka 9, la 2MB poti 2 mpaka 17. Tanthauzo lake ndi loti chinthu chimodzi sichingakule kuposa chipinda chimodzi, komanso pulogalamu yokhala kumeneko imayamba yakoperedwa m'memole yamkati isanayende, ndiye imachedwerapo ndipo imafunabe malo mkatimo.

Inu vuto lanu ndi Insufficient Memory powerengera. Mankhwala ake ndi 128K pampata woyamba. Mpata wachiwiri ndi nkhokwe, woyamba ndi bwalo lopunthirapo.

Fundi_wa_Mawaya:
Apa ndikutsutsani a NyasaRPN. MERGE1 ine sindimaikonda ngakhale pang'ono. Khadi likaphatikizidwa lasanduka chiwalo cha kakyuleta. Likangosuntha pang'ono, kakyuleta itagwa kapena itagunda pagalimoto, imakulemberani Replace RAM, Press ON. Mukapanda kulibwezera bwino, chotsatira ndi Try To Recover Memory? ndipo nthawi zambiri chimene chimabwerera ndi zidutswa. Munthu wa m'tchire, wokwera njinga yamoto pamisewu yamabampu, asamaphatikize. Khadi likhale poti 1 payokha, asamutsireko malaibulale (mitolo ya malamulo owonjezera pa kakyuleta) ndi mapulogalamu, mkati mutsale malo.

NyasaRPN:
Zimenezo zimachitika ndi makhadi opanda chikuto aja, ongokhala kabolodi, chifukwa ena amakhala opyapyala ndipo sagwira bwino. Khadi lokwana bwino silisuntha. Ine yanga ndi yophatikiza zaka zambiri.

Fundi_wa_Mawaya:
Zaka zambiri patebulo la muofesi achimwene. Funsani amene amayenda nayo.

Mai_Masamu:
Bambo Kabikoni, musanatulutse ndalama tiyeni tiwerengere kaye. Mapointi anuwo mukuwasunga bwanji? Pa 48 nambala imodzi ikakhala payokha imadya mabaiti 10.5. Ikakhala mu matrix, tebulo la manambala, imadya 8 okha. Pointi ya nambala yake, Northing, Easting ndi kukwera kwake, ndi manambala anayi. Mu matrix ndi mabaiti 32. Mukaisunga ngati list payokha ndi 47, ndipo mukaipatsanso dzina lakelake mu directory ndiye kuwonjezeranso. Tengani 128K, imene ndi mabaiti 131,072, mugawe ndi 32: mapointi 4,096. Inde si memole yonse imene ili yanu, makina amatengapo yawo, koma kodi ntchito zitatu zafika mapointi masauzande? Ikani chinthu chilichonse pa stack, mndandanda umene umaoneka pa sikirini, mulembe BYTES, muona chimene chikudya malo. Kawirikawiri ndi zithunzi zakale za magirafu ndi mapulogalamu oiwalika. Komanso kakyuleta imasunga zimene munagwiritsa ntchito komaliza kuti muthe kubwerera m'mbuyo, ndiye mukamagwira matrix yaikulu imakhala ngati muli nazo ziwiri. Kusunga kumeneku ndi LASTARG, ndipo mumakuzimitsa poika flag -55 mu zosankha za kakyuleta.

Kabikoni:
Mayi, mwandigwira. Pointi iliyonse ndimaisunga ngati list ndi dzina lake. Ndimo mmene ndinaonera malume akuchitira.

Mai_Masamu:
Iwo mwina ankasunga mabikoni ochepa owagwiritsa ntchito kawirikawiri, pamenepo dzina limathandiza. Koma mapointi a tsiku ndi tsiku aikeni mu matrix, ntchito iliyonse yakeyake.

Mphwanga_wa_ku_Joni:
Ine ndili ndi funso lapambali pang'ono. Yanga ndi HP 50g, ndinaigula kwa munthu kuno ku Johannesburg. Ndaikamo SD ya 16GB yatsopano koma sikuiona n'komwe. Yafa poti kapena?

NyasaRPN:
Sinafe. 50g inatuluka mu 2006, chaka chomwe mtundu wa SDHC unkangoyamba, ndipo imawerenga SD yakale yokha, imene imathera pa 2GB. Chilichonse cha 4GB mpaka 32GB cholembedwa SDHC sichiyenda, ngakhale mutachifomata kangati. Kusiyana kwake kuli m'mene khadi limawerengera malo ake mkati, si mafomatidwe. Funani ya 2GB kapena yocheperapo. Kwa inu nkhani ya dzina la kampani palibe, chifukwa SD ndi muyezo wa onse, SanDisk, Kingston, Transcend, iliyonse imayenda.

WakuChipata:
Kodi ya 2GB ikupezekabe m'sitolo masiku ano?

Nachisale_IT:
M'sitolo n'zovuta. Koma fufuzani m'madirowa kunyumba. Mafoni akale a mabatani aja ankabwera ndi ka microSD ka 512MB, 1GB kapena 2GB. Kaikeni mu adaputala, kalowa. Okonza mafoni mumsika amakhala nato tambiri m'kabotolo. Chenjezo langa ndi pa makhadi achinyengo. Ine ndinagula kamodzi pamsewu kolembedwa 2GB, pakompyuta kankaonetsadi 2GB, koma mafayilo akadutsa malo ena ankatseguka opanda kanthu. Mkati munali kachipu kakang'ono kouzidwa kuti kaziname. Musanakhulupirire khadi lililonse liyeseni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux. Imadzaza khadi lonse kenako n'kuwerenganso, bodza limaonekera pompo.

Mphwanga_wa_ku_Joni:
Ndapeza ya 1GB ya mukamera yakale ya akazi anga. Yaoneka! Ikubwera ngati poti 3. Zikomo achemwali ndi achimwene.

NyasaRPN:
Dziwaninso kuti pa 50g poti 3 ndi yosungira chabe. Laibulale siigwira ntchito ili pa SD, muisamutsire ku poti 0, 1 kapena 2. Mayina a mafayilo akhale aafupi, zilembo zisapitirire 8. Koma kukoma kwake ndi koti mukalemba :3:BKP ARCHIVE, HOME yanu yonse, directory yaikulu mmene muli zinthu zanu, yapita pakhadi, mukalitulutsa n'kuika pakompyuta. Ife a 48 timachita kulimbana ndi chingwe.

Mwana_wa_Poly:
Pepani akuluakulu, ine ndine wophunzira. Ndinabwerekako 48 ya mnzanga, ndinalephera ngakhale 2 + 3. Batani la = palibe. N'chifukwa chiyani mumaikonda chonchi?

Gogo_Theodolite:
Mdzukulu wanga, imeneyo ndi RPN. Umayamba waika manambala, chochita chimabwera pambuyo: 2 ENTER 3 +. Ganizira mmene umachitira papepala. Umalemba nambala, pansi pake inzake, kenako umaphatikiza. Ukamawerengera bearing ndi mtunda, zotsatira zapakati zonse zimakhala pa stack ukuziona ndi maso, sufunika mabulaketi. Ukalakwitsa umaona pamene walakwitsa. Patha sabata imodzi dzanja lazolowera.

WakuChipata:
Agogo, chizolowezi chabe chimenecho. Ana a masiku ano akuwerengera zomwezo pa Casio ndipo mayankho ndi omwewo.

Mai_Masamu:
Mayankho ndi omwewo inde, koma ine monga mphunzitsi ndaona kuti mwana wolemba chiwerengero chonse pamzere umodzi n'kudina = sadziwa pamene bulaketi yasowa. Amangokhulupirira chimene chatuluka. Sindikuti onse agule HP, sangakwanitse ndipo zimene tikukambazi sizipezekanso zatsopano, GX inasiya kupangidwa mu 2003, 50g mu 2015. Ndikungoti kuona zotsatira zapakati kumaphunzitsa.

Fundi_wa_Mawaya:
Poti mwatchula Casio, nayonso inali ndi fx-9860G SD, yokhala ndi polowetsa khadi. Koma tabwererani kwa a Kabikoni, pali chinthu chachikulu chimene palibe wachitchula: batire la m'khadi.

Khadi la 48 si ngati SD. SD imasunga popanda moto. Lakale la 48 ndi RAM, limakumbukira pokhapokha pali mphamvu, ndiye lili ndi kabatire kakekake ka CR2016, kaphanthiphanthi ngati ndalama yachitsulo. Kakyuleta ikayaka khadi limadya moto wa kakyuleta, ikazima limadalira kabatire kaja. Choncho posintha kabatireko khadi likhale m'kakyuleta ndipo kakyuleta ikhale YOYAKA. Mukalitulutsa n'kusinthira patebulo, zonse zapita. Chitaninso mwachangu chifukwa 48 imazima yokha pakatha mphindi 10 osaigwira. Koma polowetsa kapena kutulutsa khadi lenilenilo ndi mosemphana, kakyuleta ikhale yozima. Anthu amasokoneza ziwirizi.

Nankungwi_wa_Mapu:
Zimenezi ndi zimene zinandiliza ine. Tinali ku chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, masiku anayi tikuyeza malire a munda waukulu, kutentha kosaneneka. Kakyuleta inayamba kulemba LowBat(P2). Ine ndinkaganiza kuti ikunena mabatire a AAA, ndinasintha amenewo, uthengawo osachoka. Madzulo kumalo ogona ndinazindikira kuti P2 ndi khadi la pampata wachiwiri. Ndinalitulutsa bwinobwino, n'kuchotsa kabatire, n'kupita kukafuna kena kwa wokonza mawotchi. Pobwera, Invalid Card Data. Mapointi a masiku anayi. Chimene chinatipulumutsa ndi field book, chifukwa mnyamata amene ndinali naye ankalemba ma angle ndi mitunda yonse pamanja monga tinaphunzitsidwira. Ndinakhala usiku wonse ndi tochi ndikulowetsanso. Khadilo linalibe mlandu, linali labwino, ndipo ndikuligwiritsabe ntchito. Tsopano ndimasintha kabatire chaka chilichonse mwezi wa Januwale ndipo ndimalemba deti pakapepala n'kumata pachivundikiro.

Kabikoni:
Pepani kwambiri amayi, zowawa zedi. Ndiye LowBat(S) ndiye ya AAA?

Nankungwi_wa_Mapu:
Eya. S ndi ya kakyuleta, P1 ndi P2 ndi makhadi. Ndipo musadzachite mantha mukadzaika khadi latsopano n'kuona Invalid Card Data. Latsopano limatero chifukwa mulibe kanthu kolongosoka. Lembani PINIT, uthengawo uchoka. Onaninso kaswitchi kali pamutu pa khadi, kakakhala kotseka simungalembemo kanthu ndipo MERGE1 ikana.

Nachisale_IT:
Masiku ano kuli anthu amene akupanga makhadi atsopano a 48 ndi chipu cha FRAM, chosafuna batire. Kwa ine amenewo ndi abwino kuposa lakale la zaka 30 limene simudziwa kuti linasungidwa motani.

Gogo_Theodolite:
Ndawamvapo, ndipo nzeru yake ndi yabwino. Koma ndinene chimodzi. Khadi la kampani ngati TDS linayesedwa ndi anthu ambirimbiri m'matope ndi m'fumbi. Lopangidwa ndi munthu mmodzi kunyumba kwake likhoza kukhala labwino kwambiri, likhozanso kukhala lonenepa pang'ono. Timapini ta mumpata mwa 48 tikapindika, kukonza kwake n'kovuta chifukwa kakyuletayi sinapangidwe kuti izitsegulidwa, ilibe masikuluwu, anaimata ndi timapulasitiki tosungunula. Khadi likamalimba polowa, musalikakamize. Libwezeni.

Fundi_wa_Mawaya:
Apo ndikuvomereza agogo. Ndinatsegulapo imodzi, sibwerera mwakale. Ndipo musamagwire timizere tagolide ta khadi ndi zala, makamaka nyengo youma ino pamene thupi limathetheka ukagwira chitseko cha galimoto.

WakuChipata:
Ndiye mukuona? Batire la khadi, timapini, PINIT, zonsezi kuti musunge zinthu zochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Ine ndikadali pa mawu anga.

Nankungwi_wa_Mapu:
Achimwene, palibe akukana kuti foni ili ndi malo ambiri. Koma ntchito yathu si malo ambiri. Mapepala akale a malo ambiri kuno ali pa muyezo wa makoodineti wa Arc 1950, GPS imakupatsa wina wa WGS 84, ndipo kusiyana kwake pansi ndi mamita ambirimbiri, okwanira kuika bikoni m'munda mwa mwini wina. Kapulogalamu kosinthira kamene kali mu 48 ya a Kabikoni, ngati malume awo anakayesa pa mabikoni odziwika kwa zaka zambiri, ndi kamtengo wapatali kuposa app imene sudziwa kuti manambala ake anawatenga kuti. Chimene akuteteza ndi chimenecho.

Kabikoni:
Ndi zoona amayi. Kapulogalamuko anakalemba okha malume, ka UTM zone 36, chigawo cha makoodineti mmene muli Malawi. Ndipo kunena zoona kali m'kakyuleta mokhamo, kulibe kwina.

NyasaRPN:
Imani kaye pamenepo achimwene! Kulibe kwina? Ndiye khadi liyambe ladikira. Choyamba ndi chingwe. Pamutu pa 48 pali poti ya serial ya timapini tinayi. Mufuna chingwe chake ndi adaputala ya USB kupita ku serial. Imatumiza pa 9600 baud, kutanthauza mabaiti pafupifupi 960 pa sekondi zinthu zikayenda bwino kwambiri, ndiye 128K yonse ndi mphindi ziwiri ndi kanthu papepala. Njira zotumizira ndi ziwiri: pa Kermit zimachedwa kuposa pamenepo, XModem ndi yachangu, GX ili nazo zonse ziwiri. Lembani :IO:BKP ARCHIVE, HOME yonse ipite pakompyuta. Zimene zili mu poti 0 sizipita nawo, muzitumize pazokha. Mukatero muike Emu48, pulogalamu yotsanzira 48, pakompyuta, mutsegule kopeyo, muone kuti kapulogalamu ka malume kakuyenda. Mukakhutira ndiye muyambe zolowetsa makhadi. Tsiku loyamba kuika khadi limene simukulidziwa ndi tsiku limene memole imatha kufufutika.

Fundi_wa_Mawaya:
Apa ndiye tagwirizana a NyasaRPN, koyamba lero. Ngati chingwe chichedwa, pezani mnzanu wa 48 ina, muziyang'anitse mitu, mutumize pa infrared. Ngakhale kukopera pulogalamuyo m'kope pamanja, mzere ndi mzere.

Nankungwi_wa_Mapu:
Chingwe ndili nacho ine, ndi adaputala yomwe. Ngati muli ku Lilongwe ndilembereni kumbali tipangane.

Mwana_wa_Poly:
Funso lomaliza akuluakulu. Ndaona wina akugulitsa 48G motchipa. Khadi lomwelo lilowa?

NyasaRPN:
Ayi mphwanga. 48G ili ndi 32K ndipo ilibe mpata wa khadi. 48G+ ili ndi 128K koma nayonso ilibe. Za makhadi ndi zokhala ndi X, SX ndi GX. Ndipo SX imalandira mpaka 128K pampata uliwonse, musaikemo la 1MB la GX.

Kabikoni:
Ndabweranso akuluakulu patatha milungu itatu. Ndinakumana ndi amayi a Nankungwi_wa_Mapu, tinakopera zonse pa laputopu, kapulogalamu ka malume kakuyenda pa Emu48 ndipo ndakasunganso pa imelo yanga. Mapointi ndinawasamutsira mu matrix monga ananenera a Mai_Masamu, lamulo la MEM likuonetsa malo ambiri otsala moti uthenga wa Insufficient Memory uja sunabwerenso. Khadi ndagulabe, la 128K la TDS logwiritsidwapo ntchito, msuweni wanga abwera nalo kuchokera ku Leeds mwezi wamawa, ndipo CR2016 yatsopano ndagula kale. Sindiliphatikiza, likhala poti 1 payokha chifukwa ndimayenda panjinga yamoto. Malume nditawaonetsa pulogalamu yawo ikuyenda pakompyuta anakhala chete kanthawi, kenako anapita kuchipinda n'kubwera ndi kope lachikuto chofiira mmene analemba mabikoni onse amene anayesera. A Fundi_wa_Mawaya, likafika ndidzakufunsaninso mbali imene khadi limayang'ana polowa.

Fundi_wa_Mawaya:
Mudzajambule kaye mutitumizire musanalikankhe, ndipo kakyuleta idzakhale yozima.